Sabata ya Mwajuma kwa a Tani

Mwajuma anachiona chithunzicho Lolemba m'mawa, atakhala pa thumba la mpunga kuseri kwa chigayo, akudikira kuti magetsi ayake. Chinali pa foni, pa sitetasi ya Zelifa, mkazi mnzake. Panali tebulo loyala nsalu yofiira, mbale ziwiri zakuya zikufuka nthunzi, ndi Zelifa mwini wake atapendeketsa mutu, mano onse ali pamtunda. Kumbali kwa chithunzicho kunkaoneka dzanja la mwamuna litagwira timitengo tiwiri. Nkhope sinatuluke, koma Mwajuma sanasowe nkhope kuti adziwe mwini dzanja. Chipsera cha pachala chachikulucho ankachidziwa bwino. Bala lake analimanga iyeyo, ndi chigamba cha chitenje chake, chaka chimene lamba wa chigayo analuma Sharifu.

M'munsi Zelifa analembamo kuti: "Kwa a Tani, ine ndi wanga."

Mwajuma anayang'ana mawuwo mpaka foni inazima yokha. Anaiyatsanso.

Iye ndi Sharifu anakwatirana atangosinkhuka kumene, alibe kanthu kupatula mphasa ndi dimba la mpunga limene Mwajuma anapatsidwa ndi malume ake ku Chia. Chigayo chopunthira mpungachi anachimanga awiri, lole yaing'ono anaigula awiri, ana anayi anawalera mpaka woyamba, Jamali, anakwatira. Kenako, zaka ziwiri zapitazo, Sharifu anabwera ndi shehe ndi akuluakulu ena kudzanena kuti akufuna kutenga wachiwiri, mphunzitsi wa ku Benga, mwana wa anthu a ku Dwangwa ogwira ntchito ya nzimbe. Mwajuma sanaswe mbale, sanathawire kwawo. Analirira m'bafa, natuluka atasamba m'maso. Ndipo kunena zoona, Sharifu anali munthu wogawa molingana. Akagula chitenje ankagula ziwiri za mtundu umodzi. Mbuzi ya pa Idi ankaidula pakati penipeni, ndi chiwindi chomwe. Sabata ino kwa Mwajuma, yamawa kwa Zelifa, osaphonya. Anthu ankati mitala yonse ikanakhala ngati ya Sharifu bwenzi kulibe milandu, ndipo pamaso pa anthu Mwajuma nayenso ankavomereza.

Koma za kwa a Tani sanamugawireko.

Malowo aliyense ankawadziwa. Bambo Tani anali munthu wa ku Viyetinamu amene anabwera ndi ntchito ya ulimi wothirira mpunga, ntchito n'kutha iye osabwerera kwawo. Dzina lake lenileni linkapinda lilime, ndiye anthu analidula kukhala Tani. Mkazi wake, mayi Sofeya, anali wa ku Kambodiya. Awiriwa anatsegula malo odyera m'mbali mwa msewu wa ku Salima, moyang'anana ndi madzi a Chia, ndipo posakhalitsa magalimoto ankaima mpaka m'ngalande. Mabwana a ku Dwangwa, anthu a ku Lilongwe odzapuma kunyanja, manesi a pa boma mwezi ukatha, onse kwa a Tani. Asilamu nawonso ankadyako mosaopa, poti nkhumba sinkalowa pamalopo ndipo ng'ombe ankazinga ndi Bakari wa pamsika. Mwajuma ankangodutsapo pa kabaza, akuona nyali zofiira zapepala zikulendewera pakhonde. Sizinamubwererepo m'mutu kuti ndi malo oti iye n'kulowamo.

Sabata imeneyo inali yake. Madzulo Sharifu atasamba m'manja, Mwajuma anamuikira foni patsogolo.

"Dzanja ili ndi la yani, bambo a Jamali?"

Sharifu anasuzumira, nakanda kumutu. "Aa, zimenezi? Tinangopita kamodzi. Anzake a kusukulu ankamunena kuti sanafikeko."

"Nanga ine anzanga a kuchigayo alibe pakamwa?"

"Mayi a Jamali, inu mungadye zimene zija? Masamba aawisi, msuzi wamadzimadzi..."

"Tsiku la nikaha, pokwatira Zelifa, shehe anati chiyani? Anati chimene mwapatsa uyu, mupatsenso uyu. Sanati uyu tebulo, uyu chithunzi."

Sharifu anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa. "Chabwino. Loweruka masana."

Loweruka Mwajuma anadzuka ndi ntchito. Anatulutsa diresi lobiriwira limene anavala pa ukwati wa Jamali, nalisita mpaka mizere yonse ya m'sutikesi inatha. Dzulo lake anali atapaka hina m'manja, ndipo inagwira bwino, yofiira moderako. Anapakanso wanja m'maso, chinthu chimene anasiya kalekale, nalakwitsa mpaka anafufuta n'kuyambiranso. Atatuluka pakhonde, mpango wonyezimira utakhala bwino, Sharifu anatukula maso pa foni, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Makiyi a kuchigayo mwasiyira ndani?" anafunsa.

"Ali m'chikwama," anatero Mwajuma, nakwera lole.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Anthu anali atadzaza, ena ataima pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti matebulo apezeke. Fungo linawachingamira panja pomwe: nyama yowira nthawi yaitali, jinja, adyo wokazinga, ndi udzu wonunkhira mandimu uja anthu amathira mu tiyi. Mwajuma analunjika kumtengo kuti akaime ndi odikira anzake, koma mayi wina wojintcha wovala epuloni yofiira anatulukira pakhomo akukupiza manja.

"Bambo Sharifu! Mwasowatu. Bwerani, tebulo lanu lija langotsala pang'ono kutengedwa." Anayang'ana Mwajuma, kumwetulira kwake n'kuima kaye. "Lero mwabwera ndi alongo anu?"

"Ndi mayi a kunyumba awa, Iness. Aakulu."

"Ooo! Pepani, mayi. Takulandirani."

Mwajuma anayankha moni bwinobwino. Akudutsa pakati pa matebulo, anangonena chapansipansi kumsana kwa mwamuna wake kuti, "Kamodzi." Sharifu anakhala ngati sanamve.

Tebulolo linali kumapeto kwa khonde, pamene pamaoneka mabango ndi mabwato a asodzi. Nsalu yofiira yomwe ija. Mwajuma anazindikira ngakhale mzati umene unali kumbuyo kwa Zelifa pachithunzi, ndipo anazindikiranso kuti mpando umene mwamuna wake anamukokera ndi womwewo. Kukoka mpando! Sharifu amene kunyumba sankadziwa kumene mipando imagona, ankangoipeza ili pamalo. Anakhala pansi mosakhazikika, ngati wakhalira mphasa ya eni.

Iness anabweretsa pepala la zakudya, koma Sharifu sanaliyang'ane n'komwe.

"Tipatseni fo mbale ziwiri, ya ng'ombe. Timipukutu tija ta masamba tibwere poyamba. Kenako amoko wa kampango. Mbale ya mayiwa musaikemo tsabola, muchulutse mandimu."

"Ndani wakuuzani kuti sindidya tsabola?"

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mitengo ya kambuzi yodzala Mwajuma yekha, ndipo ana ankadandaula chaka ndi chaka kuti ndiwo za amayi zimaliza munthu. Wosadya tsabola anali wina.

"Muikemo," anatero Mwajuma kwa Iness. "Wambiri."

Timipukutu tinabwera, tokulunga ndi kachikopa kopyapyala koonekera m'kati, moti munthu ankaona karoti, masamba ndi tinyama ta nkhuku. Iness anati kachikopako ndi ka ufa wa mpunga. Mwajuma, amene anakulira mu mpunga, anakatembenuza uku ndi uku osakhulupirira. Kenako inabwera fo ija: msuzi woonekera pansi m'mbale yakuya, m'kati muli tizingwe toyera ta mpunganso, ndi nyama yodula mopyapyala ngati tsamba. Pambali panali mbale ya masamba onunkhira ndi nyemba zongophuka kumene. Beseni losambira m'manja panalibe. Panali timitengo tiwiri ndi kasupuni kadothi kafupi.

Sharifu anati bisimila, nanyamula timitengo. Apa ndi pamene mtima wa Mwajuma unayamba kuwawa zenizeni. Zala zija, zala zokhakhala zozolowera sipanala ndi malamba, zinagwira timitengoto ngati zinabadwa nato. Anathothola masamba, nawamwaza mumsuzi, nafinyira ndimu, natola tizingwe n'kutikweza bwinobwino osadontheza. Luso lotere munthu saliphunzira tsiku limodzi, ndiponso saliphunzira yekha. Mwajuma anaona m'maganizo dzanja losalala la Zelifa litakhala pamwamba pa dzanja ili, likukonza chala ichi ndi icho, awiriwo akuseka timitengo tikagwa. Bambo wa imvi m'ndevu, kulola kuphunzitsidwa kudya ngati khanda!

Mwajuma anayesa nayenso. Tizingwe tinaterereka, tinagwera mumsuzi, chubwi! Madontho anathimbirira pa diresi lobiriwira.

"Iness," anaitana Sharifu, "abweretsereni foloko mayiwa."

Sanati bwerani ndikuonetseni. Foloko inabwera, Mwajuma anailandira.

Anali atabwera ndi chiyembekezo choti chakudyacho chikhale chikomekome cha mkuyu, kuti akafika kuchigayo akauze akazi anzake kuti kwa a Tani n'kotchuka ndi nyali basi. Koma atamwa msuzi koyamba chiyembekezocho chinatha. Unali wokoma. Unkatsika kukhosi mofunda, fungo la masamba likukwera m'mphuno, tsabola akubwera pambuyo. Amoko atafika, nsomba yophikira m'tsamba la nthochi ndi mkaka wa kokonati, yofewa yosafuna mano, anatsala pang'ono kulira ndi mkwiyo. Kampango yemweyu wa m'madzi a kwawo, amene wakhala akumuphika moyo wake wonse! Ndiye kuti masabata onse aja amene iye ankapsa ndi utsi kuyesetsa kuti mwamuna akabwera kwake apeze ndiwo zoposa za ku Benga, mwamunayo ankabwera lilime litazolowera izi.

"Zili bwanji?" anafunsa Sharifu.

"Zadyeka," anatero Mwajuma.

Ali pakati pa nsombayo, panja panaima minibasi. Munatuluka anthu ovala bwino, atakoleka timakadi m'khosi, akuseka mokweza ngati ana oweruka. Anali aphunzitsi ochokera ku maphunziro a pa boma, ndipo owaphunzitsa anawabweretsa kuti adzatsekere pano. Iness ndi anzake analumikiza matebulo pakati pa khonde. Mwajuma ndiye anayamba kumuona: Zelifa, diresi lachikasu, mpango uli kumapeto kwa mutu ngati ukufuna kutsanzika. Anakhala mowafulatira, ndipo mzati uja unkatchinga, moti sanawaone. Pambali pake panakhala mphunzitsi wamtali wa magalasi, malankhulidwe ake a chakumpoto, amene anzake ankamuitana kuti Ramsey.

Mwajuma anabweza maso m'mbale yake. Anapitiriza kudya, mpaka Sharifu anamva kuseka kumene ankakudziwa. Mutu wake unatembenuka pang'onopang'ono.

Ramsey ankasimba nkhani, manja ali m'mwamba. Kenako anatola kampukutu ndi timitengo take n'kukaika m'mbale ya Zelifa. Zelifa anamumenya paphewa akuseka. Patapita kanthawi Ramsey anawerama kumuonetsa kanthu pa foni, mitu yawo n'kuyandikana.

Timitengo ta Sharifu tinaima m'malere. Chidutswa cha nsomba chinagwera pansalu, iye osaona. Mtsempha wa pachipumi unatukuka, nkhope inada, milomo inauma, ndipo mpweya unkatuluka m'mphuno ngati wa ng'ombe yokoka ngolo pamchenga.

Poyamba Mwajuma anamva kukoma. Eya, lawani nanunso, anatero mumtima. Anatenga nsomba ina, naidya mosafulumira. Koma atayang'anitsitsa nkhopeyo, kukoma kuja kunayamba kusungunuka. Nkhope imeneyi anali asanaionepo. Ankaidziwa nkhope ya mwamuna wake akakwiyira makina, akakhala pamaliro, akagwidwa malungo. Iyi inali yachilendo.

Anakumbuka zaka zimene ankapita ndi mpunga ku Kasungu, asanagule lole yawoyawo, atakwera pamwamba pa matumba pakati pa amuna okhaokha. Nthawi imeneyo anali ndi thupi, amuna ankamuimbira likhweru pamsika. Ulendo wina lole inafera m'nkhalango, anagona konko mpaka kunacha, mkazi ali yekha, dalaivala n'kumupatsa jekete kuti afunde. Pobwerera ankakonza mawu njira yonse oti akafotokozere mwamuna wake, mtima ukugunda ndi mantha osakanikirana ndi kena kake kokoma. Atafika, Sharifu anamulandira chikwama n'kufunsa kuti, "Mpunga wayenda bwanji?" Basi. Tsiku limenelo Mwajuma anathokoza Mulungu kuti anapeza mwamuna wamtima wabwino. Lero nkhani yomweyo inayamba kuoneka mwina.

Sharifu anakankha mpando kuti adzuke.

"Khalani pansi," anatero Mwajuma.

"Mukuona zimene akuchita mwana uyu?"

"Ndikuona aphunzitsi akudya. Khalani pansi, bambo a Jamali. Ino ndi sabata yanga. Ngati mukufuna kukwiya, mukakwiye Lolemba ku Benga."

Sharifu anakhala, koma kumapeto kwenikweni kwa mpando. Mwajuma anakodola Iness.

"Ndamva kuti muli ndi khofi wanuwanu. Tipatseni."

Khofiyo anabwera m'njira yake: tambula ili ndi mkaka wokhuthala wotsekemera pansi, pamwamba pake kachitini ka timabowo, mmene khofi ankadontha, dontho, kenako dontho lina. Iness anati asakhudze mpaka athe kudontha. Mwajuma anapinda manja n'kumaonerera. Sharifu maso ali kutebulo la aphunzitsi, mwendo ukugwedezeka pansi mpaka timbale tinkalira.

Apa ndi pamene Mwajuma anaona Amiri. Anali yekha pa katebulo ka pafupi ndi khomo, akupukuta thukuta ndi kansalu. Amiri anali mwini maboti a injini, mkazi wake anamwalira chaka chatha, ndipo kale, Sharifu asanatulukire, anatumizapo anthu kwa malume a Mwajuma kukafunsira mbeta. Sharifu ankaidziwa nkhani imeneyo. Ganizo linamubwerera Mwajuma mwadzidzidzi, ndipo asanaliyeze, mawu anali atatuluka kale.

"Amiri! Amiri inu! Mukudya nokha ngati mfiti? Bwerani kuno."

Anthu a matebulo oyandikira anacheuka. Amiri anabwera atanyamula tambula yake, napereka salamu. Mwajuma anamusunthira mpando pafupi ndi wake. Anamufunsa za maboti ndi za ana, anaseka nkhani imene sinali yoseketsa, anaika chigongono patebulo kuti hina ioneke. Mpango utaterereka pang'ono sanafulumire kuukonza.

"Simukalamba inu," anatero. "Mukukumbuka mmene munkandidikirira pachitsime cha kwa malume?"

Masaya ankamutentha ndi manyazi, chifukwa sanali mkazi wa makhalidwe otere, koma diso limodzi linali pa Sharifu.

Sharifu anagwedeza mutu. "Ee, kale limenelo," anatero, maso ali kwina.

Kuitana kuja kunali kutafika kutebulo la aphunzitsi. Zelifa anacheuka, kuseka n'kuthera pomwepo. Anakoka mpango n'kuphimba tsitsi, nadzuka, nabwera akuyenda ngati woponda paminga. Anagwada pambali pa Mwajuma.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Sindinadziwe kuti muli pano. Mwaswera bwanji, abambo?"

"Taswera," anayankha Mwajuma. "Zakudya zako zija taziona lero. N'zokoma."

"Uja ndi ndani?" anafunsa Sharifu. Mawu anali otsika.

"Ndi anzathu a kuntchito, a Ramsey. Tonse tinali..."

"Kuntchitonso amakudyetsa? Iwe, tenga chikwama chako. Tiye kugalimoto."

Liwu lakuti iwe linamubaya Mwajuma ngati munga. Iyeyo anasanduka "inu" kuyambira tsiku limene Jamali anabadwa, ulemu wokhawokha, ngati wa kwa apongozi.

"Bambo a Jamali," anatero, "khofi sanathe kudontha."

Sharifu anali ataima kale. Anayang'ana mkazi wake wamkulu ngati wangokumbukira kuti anabwera naye, kenako anayang'ana Amiri, nkhope n'kumasuka pang'ono ngati munthu amene wapeza pousa mvula.

"Achimwene, mwabwera pa galimoto eti? Chonde, mukatha mundiperekezere mayiwa kunyumba. Musafulumire, amwe khofi wawo. Za kuno ndikonza ndi Iness potuluka."

Anagwira dzanja la Amiri ndi manja awiri kuthokoza, natuluka. Zelifa anamutsatira mutu uli pansi, Ramsey ataima ndi timitengo m'manja osadziwa chimene walakwa. Kudzera m'mipata ya khonde Mwajuma anaona lole ili chiimire, mwamuna wake akumenya chiwongolero ndi chikhatho, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka, Zelifa atagwira kumaso. Kenako lole inatembenuka kulunjika ku Benga, fumbi koboo.

Mwajuma anakonza mpango, naumanga zolimba pansi pa chibwano. Khofi anali atatha kudontha. Anatakasa, namwa. Amiri, munthu wosafuna kuchititsa mnzake manyazi, anayamba kufotokoza za bondo lake limene linkatupa kukazizira, ndi za injini ina imene amakaniko anaiwononga m'malo moikonza. Anafotokoza mpaka tambula inatha. Mayi Sofeya, munthu wamfupi wa tsitsi la imvi, anadutsa akuzungulira matebulo, naima, nafunsa m'Chichewa chake chodukaduka, "Chakudya bwino, mayi?" Mwajuma anati, "Bwino kwambiri," ndipo sananame. Pobwerera anakhala kumpando wakumbuyo, chikwama chili pamiyendo, ndipo Amiri anamutsitsa pageti osazimitsa n'komwe galimoto.

Sharifu anabwera dzuwa lisanalowe. Sabata inali ya Mwajuma, ndipo iye sankaphonya. Anakhala pakhonde, navula nsapato, naika foni ziwiri pambali pake, yake ndi ina ya chikuto chapinki. Mwajuma anamubweretsera madzi.

"Amiri sanadzere msewu waukulu," anatero, ataima pakhomo. Linali bodza. "Anadzera kugombe. Tinaima kumeneko kanthawi, ankandionetsa maboti ake."

"Wachita bwino," anatero Sharifu akumwa madzi. "Kumtunda kuja kuli maenje. Boti latsopano lija mwaliona? Akuti n'lalikulu."

Mwajuma anakhala pansi pa sitepe, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Jamali, munthu amene anandifunsirapo mbeta, munthu woti mkazi wake anamwalira, mwamupatsa mkazi wanu kuti amutenge pa galimoto. Mtima wanu sunagunde ngakhale pang'ono?"

Sharifu anadabwa zenizeni, mpaka anaseka, koyamba chichokereni kwa a Tani.

"Inu? Aa, mayi a Jamali, musandiseketse ndili pamavuto. Inu ndingakusiyeni pakati pa amuna a boma lonse la Nkhotakota, ine n'kugona tulo tofa nato. Inu si wokayikitsa. Inu ndi mzati wa nyumba ino."

Ananena ndi mtima wonse, ngati munthu wopereka mphatso. Mwajuma anadzuka n'kupita kukaanula zovala pachingwe. Anakhalitsa kumeneko kuposa mmene zovalazo zinkafunira, ndipo pobwera anali atapukuta wanja ndi ngodya ya chitenje.

Pakati pa sabata yotsatira Zelifa anatulukira kuchigayo ataweruka kusukulu, choko chidakali m'zala. Anali asanabwerepo yekha. Makina ankalira, ndiye Mwajuma anamutengera kuseri kumene kunali mulu wa mankhusu, namupatsa thumba loti akhalire. Zikope za Zelifa zinali zotupa.

"Achemwali, ndabwera kuti mundithandize. Foni anandilanda. Akuti ndisamapitenso ku maphunziro, akuti apita kukaonana ndi ahedi kuti a Ramsey asamutsidwe. M'mawa amandiperekeza mpaka pageti la sukulu, ana akuonerera. Dzulo anafika nthawi yopuma kudzasuzumira pawindo la ofesi. Ine ndi a Ramsey palibe chilichonse, Mulungu ndi mboni, ali ndi chibwenzi chawo ku Dwambazi." Anapukuta m'maso. "Inu amakumverani. Amati mawu anu sawabweza. Inu mumapita kumene mukufuna, palibe wokufunsani. Ndimakusirirani, achemwali."

Mwajuma anayang'ana zikope zotupazo. Anaganiza za Sharifu, mwini chigayo ndi lole, atasiya ntchito dzuwa likuswa mtengo, akunyang'ama pansi pa windo la sukulu ngati wakuba nkhuku. Zinali zochititsa manyazi. Zinalinso zoipa, ankadziwa ndithu, ndipo zikanachitikira mwana wake wamkazi akanapita yekha kukamutenga ku ukwatiko. Komabe pansi pa mtima panali kanthu kakumudya, kosamva nzeru, kofunsa kuti nanga pawindo langa bwanji sanasuzumirepo.

"Wadya?" anafunsa.

"Ayi."

Anatsegula mbale yake ya mbatata yophika, nagawana naye. Anadya awiriwo, mankhusu akuwagwera m'mipango.

"Ndilankhula nawo," anatero Mwajuma pomaliza. "Foni akubwezera. Kwa ahedi sapita, angadzichotsere ulemu."

Zelifa anamugwira dzanja n'kuthokoza mpaka misozi inayambiranso. Mwajuma anamuperekeza kumsewu, namuimitsira kabaza, naima pomwepo kumuyang'ana mpaka anakhota.

Mwajuma analankhuladi ndi Sharifu. Foni inabwerera kwa mwini wake, ndipo kwa ahedi mwamunayo sanapite. Koma Mwajuma sanafulumire. Anayamba wadikira kuti sabata ya Zelifa ithe.